Kansalu ka Malaya a Cyprian

Tabeth atabwerera kwa Mavwere m'chaka cha 1995, abale anamuphera nkhuku, koma dzina lomwe mudzi unamupatsa linali loti "uja wa ku Zambia". Anachoka kuno ali kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi, mwezi womwe bambo ake, a Kefasi, anagwidwa ndi anyamata a chipani osabwereranso. Anakulira ku Kitwe, anawerenga mabuku onse omwe anagwera m'manja mwake, anaika amayi ake m'manda achilendo, ndipo atamva kuti kwawo munthu tsopano akhoza kuyankhula osayamba wacheuka, anakwera basi.

Mudzi womwe ankaulota zaka zonsezo sanaupeze. Pomwe panali nyumba yawo panali fodya wa esiteti, mizere yowongoka mpaka kudambo. Anthu anawasamutsira kutsidya kwa msewu kalekale, ndipo ukawafunsa za kumudzi kwakale ankayankha ngati ukuwakumbutsa matenda omwe anachira. Chomwe chinatsala pabwinjapo ndi mtengo umodzi wa mango. Eni esiteti anausiya osati chifukwa cha chisoni, koma kuti antchito azipachikapo mabotolo a thobwa.

Chinanso chomwe chinatsala ndi Cyprian, mwana wa nyumba yoyandikana ndi yawo, amene ankamuumbira ng'ombe zadongo za nyanga za minga. Tsopano anali mnyamata wamtali wokonza mawailesi pa Waliranji. Chikondi chawo sichinachedwe kupsa. Pofika nyengo yokolola chikole chinali chitaperekedwa kale, chitenje chobiriwira chomwe Tabeth ankachisunga pansi penipeni m'sutikesi. Loweruka likubweralo atsibweni a Cyprian amayenera kudzafunsira mbeta kwa a Enoki, mlongo wa malemu amayi a Tabeth, komwe mtsikanayu ankakhala.

"Zidole zakozo sizinathebe?" anafunsa a Enoki m'mawa wina, atamupeza pakhonde atawerama pa thabwa lopyapyala.

Tabeth anafulumira kuphimba thabwalo ndi chiguduli. "Si zidole, atsibweni. Ndi chithunzi."

"Chithunzi amajambula ku Boma ndi kamera. Iwe watimalizira ufa wa chinangwa kuphikira guluu, makoko a mtedza ukuwasankha ngati nyemba zophika. Mwamuna adzadya zimenezi?"

"Mudzaona tsiku la chinkhoswe."

"Bola lifike msanga, usanayambe kusolola udzu padenga langa."

Luso limeneli analiphunzira kwa amayi a kumpingo ku Kitwe, omwe ankamata makadi a Khirisimasi ndi makungwa ouma a nthochi. Anzake ankamata maluwa ndi angelo. Iye kuyambira tsiku loyamba ankangomata mudzi umodzi womwewo, mobwerezabwereza, ndipo sunkafanana. Dothi la kumeneko linali lotuwa ndi fumbi la migodi, udzu wake unali wa eni. Ulendo uno anafuna kuumanga ndi zinthu zake zenizeni: tsekera wa kudambo pamadenga, makoko a mtedza wa Chalimbana pankhokwe, tizidutswa ta nsalu ta kwa telala pa anthu. Chithunzicho chinali mphatso ya Cyprian, ndipo mwini wakeyo sankadziwa kanthu.

* * *

Tabeth ndi Cyprian anakumana pansi pa mango uja Lamulungu masana, antchito kulibe. M'munda munangotsala mapesi a fodya. Tabeth anabwera ndi malaya a khaki omwe Cyprian anamupatsa kuti awatembenuze kolala.

"Waona? Ngati a m'sitolo."

"Ndiye kuti ndikukwatira telala. Amayi amati ndikukwatira buku."

"Amayi ako amanena zambiri."

"Akuzolowera. Apatse nthawi."

Tabeth anamupatsira malayawo. Chibwerere chake, a Stelia, amake Cyprian, ankayankha moni wake maso ali kwina, ngati munthu woyankha wailesi. Tabeth sanamuuze Cyprian kuti kumunsi kwa malayawo, kumbuyo komwe kumalowa m'buluku, anadulako kansalu kotalika ngati chala n'kusokanso mpendero bwinobwino. Chifukwa anali nacho. Tsiku lina Cyprian anamudandaulira kuti nkhope ya malemu bambo ake, a Laston, yayamba kumuthawa, poti chithunzi chawo chokhacho chinadyedwa ndi chiswe. Tabeth ankawakumbukira bwino a Laston: amtali, oseka ndi mapewa, malaya a khaki nthawi zonse. Anaganiza zowabwezera kwa mwana wawo atavala nsalu ya mwana wawo yemweyo.

"Ukukumbuka chaka chomwe unagwa m'mango muno?" anafunsa Tabeth.

"Sindinagwe. Ndinatsika mofulumira."

"Unalira mpaka agalu a mudzi wonse anakuyankha."

"Ndinkathyolera iwe. Unkafuna a pamwamba okhaokha, a pansi unkati anyambitidwa ndi mbuzi." Cyprian anamugwira chala chaching'ono, monga ankachitira akakhala awiri. "Mpaka pano sunasinthe. Zapafupi suzifuna."

"Iwe uli pafupi."

"Ine unachita kuwolokera malire a dziko."

Tabeth anaseka n'kuimirira. "Khomo la nyumba yanu linali pati?"

Cyprian anayang'ana mango, anayang'ana kudambo, kenako analowa m'mapesi muja n'kuima. "Apa. Amayi ankakhala apa n'kumakuthamangitsa ukabwera kudzapempha futali."

"Sankandithamangitsa. Ankandipakulira m'mbale yawo, akatero n'kundiluka tsitsi. N'chifukwa chake ndimadabwa kuti ndinawalakwira liti."

Anagwada, natapa dothi lofiira ndi chikhatho, n'kumathira m'kajumbo ka shuga.

"Iwe, ukuchita chiyani?"

"Ndikutapa dothi."

"Pakhomo pa amayi anga." Cyprian anamwazamwaza maso. "Tabeth, kuno si ku Kitwe. Munthu satapa dothi la pakhomo pa mnzake."

"Khomo lake liti? Pano n'pa munda wa eni."

Cyprian anaseka, koma kusekako kunathera panjira. M'kanjira ka m'mphepete mwa munda munkadutsa Keziya, mwana wa kapitawo wa esitetiyo, Baibulo lili m'khwapa. Keziya ankaimba kwaya limodzi ndi Cyprian, ndipo kwa zaka ziwiri anakhala akutungira madzi a Stelia popanda womutuma.

"Mwaswera bwanji, a Cyprian? Kuphunzira nyimbo sitinakuoneni." Kenako anatembenukira kwa Tabeth. "Ndi inu, alendo athu. Mukukumba mbewa?"

"Ndi dothi lokongoletsera."

"Oho. Lokongoletsera." Maso a Keziya anakhalitsa pa kajumbo kaja asanapitirize ulendo.

* * *

Lachitatu pamjigo, amayi omwe ankaseka anangoti zii Tabeth atatula ndowa. Wina anakokera mwana wake pafupi. Keziya ndiye ankapopa madzi.

"Asiyireni atunge, amayi," anatero Keziya. "Koma aliyense agwire m'mphepete mwa nsalu yake."

"Ukutanthauza chiyani, Keziya?"

"Ine? Palibe. Ndangotumidwa. Amake Cyprian akuti ndikakuonani ndikuuzeni kuti malaya aja anachapa dzulo, ndipo poyanika anaona kuti afupika kumbuyo. Akuti ulusi wa mpendero si womwe anagula nawo." Anasiya kupopa n'kupukuta manja m'chitenje. "Ndiye ine n'kukumbuka za dothi lija. Sindinkafuna kunena, koma munthu wopemphera sabisa."

"Kansalu ka mwamuna, dothi la pakhomo pa amake," anatero mayi wina wachikulire akupinda zala. "Changotsala ndi tsitsi."

"Mwina anatenga kale."

"Kondaine wa ku Zambia ndi woopsa, anzanga. Mwamuna amatsuka mbale akuimba."

Ena anaseka, ena ayi, ndipo osasekawo ndi omwe anamuopsa Tabeth. M'mabuku onse omwe anawerenga munalibe tsamba lomukumbutsa zomwe mwana aliyense pamudzi pano ankadziwa. Amayi ake akanakhala moyo akanamumenya padzanja asanagwire n'komwe sizasi. Zaka zonse zija anasunga fungo la mvula yoyamba, nyimbo za pamtondo, mayina a ng'ombe za atsibweni ake. Zinthu zomwe mudzi umaopa ndi zomwe anazisiya pamalire.

Anatunga madzi ake osafulumira, n'kusenza.

"Ukawauze amayi kuti ndamva. Koma iwe Keziya, zaka ziwiri ukuwatungira madzi. Kondaine wako ndi amene akuchedwa kugwira."

Ulendo uno anaseka onse, ngakhale mayi wachikulire uja. Tabeth anachoka mutu uli chilili, koma madzi ankamutayikira pamsana.

* * *

Cyprian anabwera dzuwa likupendeka, atavala malaya ena. Njinga sanaitsamiritse pamtengo monga mwa masiku onse. Anaima nayo pabwalo ngati munthu wodutsa.

"Ndiuze chinthu chimodzi. Unadula?"

"Ndinadula."

"Chifukwa?"

"Ukundifunsa ngati Cyprian, kapena nawenso watumidwa?"

"Usandiyankhe za m'mabuku. Amayi auza atsibweni kuti Loweruka asavutike n'kupalasa njinga. Akuti mwana wawo sakuganiza ndi mutu wake."

"Nanga iwe ukuti bwanji? Ukukhulupirira kuti ndakudyetsa?"

Cyprian anayang'ana pansi akuseweretsa belu la njinga. "Sindikhulupirira. Koma dzulo ndinadzifunsa kuti n'chifukwa chiyani ndimakuganiza chonchi. Ndikamadya, ndi iwe. Ndikamalumikiza mawaya, ndi iwe, mpaka ndinaotcha wailesi ya munthu. Ndiye ndinachita mantha."

Tabeth anasowa choti aseke kapena alire. Palibe mwamuna anamuuzapo mawu okoma chonchi, ndipo palibenso amene anamunyozapo chonchi.

"Ngati chikondi chako ukuchiyesa matenda, pita kwa Keziya akakupempherere."

"Tabeth."

"Mawa ndibwera kwa amayi ako ndi kansalu kakoko. Ukhalepo."

A Enoki anamva zonse ali kuseri kwa nkhokwe, komwe ankasongola mpini. Cyprian atapita anatulukira akukutumula tizipalapala pamalaya.

"Mwana wamkazi sapita yekha kukayankha mlandu kwa apongozi. Ndikuperekeza. Koma undiuze zoona, ndisakachite manyazi pagulu. M'chiguduli muja mulibe nyanga?"

"Muli mudzi wathu wakale, atsibweni."

A Enoki anasisita mpini uja. "Umenewo ndiye woopsa kuposa nyanga," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Kuwala kusanathe Tabeth anakhala pakhonde n'kumalizitsa zomwe zinatsala. Anasefa dothi lija pa kansalu, analisakaniza ndi guluu, n'kuzira makoma a tinyumba tiwiri ndi nsonga ya chala. Mtundu wake utatuluka, wofiira ngati mkati mwa gwafa, anadziwa kuti ulendo uno mudzi wafanana. Anafuna kuti Cyprian adzachione chithunzicho atavala suti ya chinkhoswe, anthu akululutira. M'malo mwake chinali kupita kukakhala mboni pamlandu.

* * *

A Stelia anawayalira mphasa pabwalo, osati pakhonde. Keziya anali pambali akuswa mtedza m'lichero ngati mwana wa pakhomopo. Cyprian anatsamira khoma, manja atapinda. Anansi awiri atatu anapeza zifukwa zodutsira pamenepo n'kuiwala kupitirira.

Atalonjerana, a Enoki anavula chipewa. "Mayi, tamva kuti mwana wathu wakulakwirani. Wabwera ndi mankhwala akewo kuti muwaone ndi maso anu."

Tabeth anagwada, anatsamiritsa thabwa lija pamtondo, n'kuchotsa chiguduli.

Panali nyumba ziwiri zoyang'anizana, mango pakati pake, thunthu la makungwa a nthochi ndi masamba a nsalu yobiriwira. Panali nkhokwe za makoko a mtedza, mbuzi za njere za nsatsi, ndi kanjira ka mchenga kotsetserekera pangodya, pomwe panali dambo ndi kachigafa ka fodya ka timitengo.

A Stelia anasendera pafupi, poyamba ngati munthu woopa njoka, kenako anaiwala kuopa.

"Nkhokwe yanga iyi. Inali yopendekera chonchi. Bambo ake Cyprian ankangoti akonza mawa." Chala chawo chinayenda pakhoma la kanyumba kamodzi. "Ndi mzere wakudawu m'munsimu. Wakumbukira bwanji, mwana iwe?"

"Munkandipatsa kansanza kuti ndizizira nanu."

"Iwe n'kumadzizira kumaso." A Stelia anaseka, misozi ili m'maso. Aka kanali koyamba kumuyang'ana Tabeth mwachindunji.

"Dothi lija ndi ili, amayi, pakhoma la nyumba yanu. La kwina konse ndinayesa, silinkafanana."

"Nanga kansalu?" anafunsa Keziya, mawu atawonda.

"Aka." Tabeth analoza kamunthu katali koima pakhomo la nyumbayo, kovala khaki. "Cyprian anati nkhope ya bambo ake yayamba kumuthawa. Nkhope sindingathe kumata, koma kaimidwe kawo ndimakakumbuka."

Cyprian anachoka pakhoma paja n'kudzagwada pambali pake, phewa kukhudza phewa, osasamala kuti amayi ake alipo. "Ndi iwowa. Khosi lopendekerali ndi lawo." Kenako ananong'ona, "Undikhululukire." Tabeth anamva ngati watula mtolo womwe anausenza kuchokera pamjigo paja.

Koma kuseka kwa a Stelia kunali kutatha. Anatambasula dzanja n'kuika chikhatho pamwamba pa kamunthu kaja.

"Chabwino, ndaona. Mlandu palibe. Phimbani, Loweruka anthu abwera."

"Chotsani dzanja, mayi," anatero a Enoki motsitsa mawu. "Maso angawa ndi okalamba, sindinaonetsetse."

Dzanja linachoka pang'onopang'ono. Kutsogolo kwa a Laston kunali tianthu tiwiri ta nsalu yofiira. Mkono wa a Laston, womwe unali kamtengo ka machesi, unali wotambasuka, ukuloza kupyola mango.

"Awa ndani, Tabeth?"

"Anyamata a chipani, atsibweni. Masiku amenewo ankangopezeka paliponse. Ndamata m'mawa womaliza womwe ndimaukumbuka bwino tisanathawe. A Laston anandipatsa nzimbe n'kundiuza kuti ndikadyere pansi pa mango. Kenako kunabwera anyamata awiriwa, iwo n'kuwalozera njira."

"Njira ya kuti?"

"Ya kudambo. Kaya ankafunako chiyani."

"Sunasokoneze? Sikunali kumsewu?"

"Msewu uli uku, atsibweni. Dzanja linaloza kuchigafa. Ndinkaona bwinobwino."

A Enoki anayang'ana kachigafa ka timitengo kaja nthawi yaitali. Lichero la Keziya linali litasiya kulira.

"Ana tinawauza kuti Kefasi anagwidwira ku Boma, pokwerera basi," anatero potsiriza. "Tinkafuna asadzaope mudzi wawo. Kefasi anamupeza m'chigafa chimenecho. Zoti wabisala mmenemo tinkadziwa anthu awiri: ine womupititsira chakudya, ndi mwini chigafa, Laston." Anafinya chipewa m'manja. "Zaka zonsezi ndakhala ndikuganiza kuti anatsata mapazi anga."

"Amayi?" anatero Cyprian.

A Stelia anakokera nsonga ya chitenje kukamwa n'kuyang'ana pansi. Tabeth anawayang'ana, ndipo anamvetsa chifukwa chake moni wake unkayankhidwa maso ali kwina.

A Enoki anavala chipewa n'kuimirira. "Loweruka pakhomo panga pasabwere munthu. Tabeth, nyamula. Tikafika upinde chitenje chija, chibwerere kwa eni ake."

Tabeth anagwira thabwa lija mbali imodzi kuti alinyamule, koma silinasunthe. Cyprian anali atagwira mbali inayo, maso ali pa kamunthu kovala malaya ake.

"Unamatira ine, si choncho?" anafunsa.

"Eya."

"Ndiye usachitenge. Ndipo chitenje usabweze."

A Enoki anali atafika kale pakanjira. Anaima osacheuka.

"Mwana wa Kefasi," anaitana, dzina lomwe sanamuitanepo chibwerere chake, "ndikudikira iwe."

Tabeth anayang'ana kamtengo ka machesi kaja. Anakamata yekha, mosamala, ndi guluu wambiri kuti kasadzagwe.